Munthu wa M'bokosi

Kulemba ndakuphunzira imvi zili kale mbuu, kusukulu ya kwacha, ndipo zilembo zanga zimayenda ngati abakha, ichi kupendekera uku, icho kupendekera uko. Koma zimafika. Kumene ndazituma zimafika ndithu. Lero ndazituma zikanene za masabata asanu ndi awiri amene ndinakhala m'nyumba ngati nkhuku yofungatira, konkuno ku Chinsapo, n'kutsala pang'ono kubwezedwa kumudzi kumene ndilibe ngakhale mtengo woti ndikhale pamthunzi pake. Zonsezo chifukwa cha mawu awiri amene ndinawalankhula ndekha pampope, ndikuseka.

Timakhala atatu. Ine, mwana wanga wamkazi, ndi mwana wake wamkazi. Mwana wangayo ndi mphunzitsi wa Sitandade 6 pasukulu ya pulayimale ya konkuno, ndipo ngakhale ine ndimamutchula kuti aphunzitsi, chifukwa mawuwo amanditsekemera m'kamwa. Nyumba ndi ya lendi, mdadada wa makomo asanu ndi limodzi mumpanda umodzi. Nthawi imeneyo khomo lathu linali loyamba, loyang'ana kumsewu, ndipo linali ndi khonde la simenti. Khondelo ndilo linali ofesi yanga. Wopita kumsika ndimulonjere, wochokera kuchigayo ndimulonjere, wakabaza aimbe belu ine ndimuyankhe ndi nyimbo. Eni mpandawo ndi mayi wa kumpoto, wamasiye ngati ine, amene tonse timangowatchula kuti amake mapasa. Iwo amanditchula kuti amama, monga amachitira kwawo. Zaka zisanu ndi zinayi tinakhala osakwezerana mawu, mchere kupemphana, moto kupalirana.

Miyendo isanayambe kundikana ndinkagulitsa zam'kati pamsika, za mbuzi ndi za ng'ombe. Zaka makumi awiri manja anga ali m'beseni. Chiwindi apa, mapapo apa, impso apa, matumbo kuwatsuka n'kuwaluka bwinobwino kuti wogula asanyansidwe. Ndulu ndinkaichotsa osaiboola, maso ali kwa kasitomala, pakamwa pakucheza. Sindinkadziwa kuti zimenezo ndi maphunziro. Ndinkangoti ndi ntchito yonunkhitsa chitenje.

Loweruka lina aphunzitsi anapita ndi aphunzitsi anzawo kutsidya la tauni, kunyumba ina yoonetsera za sayansi. Kumeneko amalandira ana a sukulu, kalasi ndi kalasi, koma anawo asanabwere amayamba aitana aphunzitsi awo, kuwaonetsa zonse, n'kuwabwereka bokosi la zipangizo kuti akakonzekeretse ana. Dzuwa litapendeka ndinaona kabaza wa njinga yamoto akuima pakhonde, aphunzitsi ali kumbuyo atakumbatira chibokosi chabuluu ngati mwana wodwala. Kusukulu kunalibe kabati yokhoma, ndiye bokosilo linayenera kumagona kwathu, n'kumapita kusukulu masiku a sayansi okha.

Anatsegula. Munali maginito, munali mawaya ndi timababu, munali galasi lokulitsa nyerere mpaka kufanana ndi mphemvu. Pansi pa zonsezo, atakulungidwa m'nsalu, munali munthu.

Munthu wapulasitiki, wopanda manja, wopanda miyendo, msinkhu wake ngati chigubu cha madzi. Mutu anali nawo, tsaya limodzi lakhungu, linalo losenda. Aphunzitsi anagwira pachifuwa pake n'kutsegula ngati chitseko cha kabati, ndipo ine nditasuzumira ndinaseka mpaka kugwira khoma. Ndinati, mwanawe, akubwereka mbuzi yoimirira. Onse ndinawapeza mmenemo, anzanga a m'beseni, aliyense atakhala pamalo pake ngati anthu m'tchalitchi. Chifu chokha ndicho chinandidabwitsa. Ndinafunafuna zifu zinazo, osazipeza. Aphunzitsi anati munthu ali nacho chimodzi basi. Ndinamumvera chisoni munthu. N'chifukwa chake njala sitichedwa nayo.

Kabuku kamene kanabwera ndi bokosilo kanali ka Chingerezi. Aphunzitsi anatola kachiwalo kena, n'kukatembenuza, n'kuyang'ana m'kabuku, kenako n'kuyang'ana ine. Anafunsa kuti kameneka pa Chichewa n'chiyani. Ndinati ndi kapamba. Analemba. Anatolanso kena, ndinatchula, analemba. Mwana amene ndinamulera ndi fungo la matumbo mpaka kukafika kukoleji, wagwira cholembera, akulemba zotuluka pakamwa panga. Tsiku limenelo mawondo anga anaiwala kuti amawawa.

M'kalasi mwawo ana ndi ochuluka ngati mapira, ndipo munthu wa m'bokosi akaimikidwa patebulo, okhala kumbuyo amangoona kanthu kofiira. Choncho aphunzitsi anauza ana okhala pafupi kuti azibwera kunyumba akaweruka. Anayamba atsikana anayi, anzake a mdzukulu wanga. Sabata isanathe khonde linadzaza. Aphunzitsi ankakhala pampando kuchonga makope, ine pamphasa, munthu ali pamiyendo. Ndinkakhuthula zonse pansalu n'kuuza mwana kuti bwezera. Akasokoneza tinkaseka tonse, ati wamuika mtima m'chiuno, nanga munthuyu azikondera pati. Kuti asaiwale ndinawapekera kanyimbo:

Mapapo awiri afungata mtima,
chiwindi kumanja, chifu kumanzere,
ndulu yabisala, igwire mwaulemu,
impso kumsana, mapasa osaonana.

Ankaimba akuwomba m'manja, ine ndikuvina ndi mapewa chokhala. Ndipo aphunzitsi anandilonjeza chinthu. Anati patsiku la ulendo basi imanyamula ana ndi makolo awiri owaperekeza, ndipo mpando woyamba ndi wanga. Anati kumeneko kuli chipinda chozungulira ngati nkhokwe, amakugonekani chagada, amazimitsa magetsi, nyenyezi n'kutuluka padenga dzuwa lili paliwombo. Ine amene tauni ndimaidziwa kuchokera pamsika kukafika kuchipatala basi. Chitenje cha tsikulo ndinachisita kudakali mwezi ndi masabata, n'kuchikoleka pamsomali kuti ndizichiona podzuka.

Ndiye linafika Lachiwiri. M'mawa, pampope pamene timatunga madzi, ndowa zili pamzere, amayi ali pamacheza. Mayi wina wa kuseri kwa msika, wanthabwala, anandiponyera mawu.

"Agogo, masiku ano mwasowatu. Mwapeza banja kodi? Tiuzeni msanga tisoketse yunifomu."

"Banja la chiyani, mano omwe ndilibe," ndinayankha. "Ndapeza ntchito ine. Ndikuphunzitsa ana."

Ndikanalekera pomwepo, mwina. Koma chimwemwe chili ngati mowa wamasese, chimayendetsa pakamwa. Ndinapitiriza. Ndinati ana anu omwewa, kawafunseni, akudziwa kuchotsa mtima wa munthu n'kuubwezera. Ndinati mwezi wamawa ndikuwatenga ulendo, tikaona nyenyezi masana.

Amayi anayang'anana. Madzi okha ndiwo ankalankhula m'ndowa, mpaka ndowayo inasefukira, ndipo palibe anaichotsa.

Kwathu kuno, munthu wa imvi akamanenedwa kuti akuphunzitsa ana, anthu safunsa kuti phunziro lanji. Phunziro lake ndi limodzi, ufiti. Amati nkhalamba zimatenga ana a eni, kuwaphunzitsa kuuluka ndi kudya nyama ya anthu. Ine ndinkazidziwa zimenezo. Ndinamvapo zikunenedwa za ena, ndipo, ndilembe zoona, ndinawolokapo msewu kupewa gogo wina wa kumtunda kwa chigayo amene ankanenedwa choncho. Koma m'mawa umenewo mawuwo m'kamwa mwanga anali oyera ngati choko. Kandowa kanga ndinadzisenzetsa ndekha, ndikuimbabe, n'kumadabwa kuti lero anthuwa manja awasiya kuti.

Masana amenewo pakhonde sipanabwere mwana. Ana anafunsidwa m'nyumba zawo, ena ndi mawu, ena ndi kamtengo, ndipo ana sananame. Kodi agogo aja ali ndi munthu? Eya. Amamusunga kuti? M'bokosi, kunsi kwa bedi. Mumamutani? Timamutsegula pamimba. Chiwindi munachigwira? Eya, ngakhale mtima. Amakupatsani chakudya? Eya, mbatata yootcha. Yankho lililonse linali loona, ndipo lililonse linali njerwa yonditsekera pakhomo.

Aphunzitsi atamva, anatulutsa munthu uja, kumuimika pamwamba pa mtondo pakati pa bwalo, n'kuitana makomo onse. Anamugogoda ndi supuni kuti anthu amve kulira kwa pulasitiki. Anaonetsa kabuku, anaonetsa chidindo cha pabokosi. Amayi ankayang'ana ali chapatali, manja atapinda. Wa khomo lachitatu, mayi wa ana anayi, amene mtsikana wake ankaimba nyimbo yanga mokweza kuposa onse, ndiye anayankhira anzake.

"Aphunzitsi, inu tilibe nanu mlandu. Inu muli ndi pepala lophunzitsira. Nanga amayi anuwo pepala lawo anawapatsa ndani? Chinthucho masana ndi pulasitiki, taona. Dzuwa likalowa sitikudziwa."

Aphunzitsi anayankha zambiri, koma wina anangoti mwana saona nyanga ya mayi ake, ndipo msonkhano unathera pamenepo. Bokosi linasamukira kusukulu, kukagona pansi pa tebulo la ahedi. Ahediwo analankhula pamsonkhano wa makolo, analankhula bwino ndithu, anthu anawomba m'manja. Sizinathandize. Bokosi linachoka, dzina linatsala.

Sabata yotsatira mwana wamng'ono wa khomo lachitatu anadwala malungo. Anapita naye kuchipatala, masiku anayi anachira, koma malungowo anawakoleka m'khosi mwanga. Mwala woyamba unagwa padenga Lachisanu masana, wachiwiri Loweruka. Mdzukulu wanga anabwera kuchokera kusukulu maso atatupa, anzake akumutcha kondakitala wa ndege ya agogo. Pamenepo aphunzitsi anandigwadira. Anati amayi, chonde, musatuluke mpaka ziphwe.

Ndinalowa.

Chipinda chathu chochezera chinali mapazi asanu ndi awiri uku, asanu ndi limodzi uko. Ndinayeza, ndinayezanso, sichinakule. Unali mwezi wa Okutobala, malata akuwotcha ngati chiwaya cha tchipisi. Katani ndinatseka. Msewu ndinkaumva ndi makutu okha, ndipo ndinazindikira kuti ndimaudziwa ngati nyimbo ya m'buku. Wamakala amadutsa njinga ikulira kwii kwii, wausipa amaitana kawiri n'kupuma, ana a sukulu ya mkaka amadutsa ngati mpheta. Kale onsewo ankachedwa pakhonde langa. Tsopano akafika pamenepo mapazi ankafulumira, ndipo ena ndinkawamva akuwolokera tsidya lina. Kubafa ndinkapita amayi a mumpanda akapita kumsika, mothamanga, ngati wakuba m'nyumba ya eni. Madzi ankatunga aphunzitsi asanapite kuntchito, munthu wa makope mulu kusenza ndowa mayi ake ali moyo. Nyimbo zinkandibwerabe, chifukwa ine nyimbo sindiziitana, zimabwera zokha ngati kutsokomola. Ndinkaziimbira m'ndowa yopanda madzi, mutu nditalowetsamo, kuti zisatuluke panja. Nyimbo ya nkhalamba yodzitsekera anthu akanaimasulira mwawo.

Tsiku lina ndikumuluka tsitsi mdzukulu wanga, mutu wake uli pakati pa mawondo anga, anandifunsa osatembenuka.

"Agogo, musakwiye. Kodi inu mumauluka?"

"Ndikanamauluka bwenzi ndikukanidwa ndi makondakitala a minibasi kuti ndimachedwa kukwera?"

Anaseka, inenso ndinaseka, koma chipeso chinandipulumuka m'manja. Mwana wogona nane bedi limodzi, wodziwa kuti ndimaliza mkonono mpaka kucha, nayenso anafika pofunsa. Mawu a anthu ali ngati utsi wa mbaula, utseke chitseko, utseke windo, umapeza polowera.

Lamulungu loyamba ndinapita kutchalitchi, aphunzitsi atandigwira dzanja. Benchi limene timakhalapo amayi asanu ndi atatu mothinana linandipatsa malo oti ndikanatha kugonapo. Palibe anandinyoza. Anandipatsa moni ndi nsonga za zala. Lamulungu lachiwiri ndinapemphera kunyumba.

Chimene chinandipweteka koposa ndi maliro. Anamwalira bambo wina wokalamba wa mpanda woyandikana ndi wathu, telala, munthu amene anandisokera madiresi zaka zambiri. Ine pamaliro a m'dera lino ndinali ndisanajombepo. Ndine woyambitsa nyimbo amayi akatopa, ndine wodziwa kugawa ndiwo kuti zikwanire. Ndinamanga mpango, ndinafika pachitseko, n'kuima. Ndikapita, ati wabwera kudzaona nyama yake. Ndikapanda kupita, ati manyazi amugwira, akudziwa chimene wachita. Ndinaima pamenepo dzanja lili pachitseko mpaka nyimbo zinanyamuka kupita kumanda. Zinkamveka zopanda woyambitsa, aliyense kulowa nthawi yake. Ndinamasula mpango.

Sabata yachinayi anabwera amake mapasa. Kale ankalowa osaodira, n'kukhala pabedi panga. Tsiku limenelo anaodira, anakana mpando, anakhala pakhomo penipeni, mwendo umodzi mkati, wina kunja.

"Amama, ine sindinaone kanthu, ndipo Mulungu andimve, sindikukunenani. Koma makomo anayi andiuza kuti mwezi ukatha asamuka, ndipo aziuza aliyense chifukwa chake. Mpanda uno ndiwo munda wanga. Aphunzitsi akhale, mwana akhale. Inu mukapumeko kumudzi."

Kumudzi. Ndinachoka ku Ntchisi ndili ndi mwana kumsana, ndipo mwanayo ndi amene akuchonga makopeyu. Alongo anga onse anagona. Munda wa amayi anga anagawana adzukulu amene sadziwa nkhope yanga. Ndipo mawu amakwera basi ya m'mawa, munthu n'kukwera ya masana. Ndikanafika n'kupeza akudziwa kale chimene ndachokera m'tauni. Nkhalamba yofika pamudzi ndi dzina limenelo, yopanda mlongo woiimira, ndikudziwa zimene zimaichitikira. Sindinawauze amake mapasa zonsezi. Ndinangoti ndamva. Iwo anakhalabe pang'ono akuthothola ulusi wa chitenje chawo, n'kupita.

Ulendo wa ana unali woti uchitike kutatsala masiku asanu kuti mwezi uthe. Makolo ambiri anali atafufutitsa maina a ana awo. Aphunzitsi ankayenda khomo ndi khomo akaweruka, kufotokoza, kupempha, n'kumabwera milomo itauma, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Tsiku lina anakhala pansi pafupi nane, osandiyang'ana.

"Amayi, mpando wanu wa m'basi ndaupereka."

Ndinafunsa kwa yani. Anati kwa amake mapasa, ndipo winawo kwa mayi wa khomo lachitatu. Anati akaone ndi maso awo kumene munthu uja anachokera. Anatinso, mawu ali pansi, kuti ine ndikakwera basi imeneyo palibe mwana adzakwere.

Tsiku lonse sindinamulankhule mwana wanga. Ndinadziwa kuti akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake ndinakwiya. Chitenje chija ndinachichotsa pamsomali n'kuchibwezera m'sutukesi, pansi penipeni.

Amake mapasa anavomera msanga, ndi munthu woopa umboni wonama. Wa khomo lachitatu anayamba wakana, kenako anati apita kukalondera mwana wake, popeza mtsikanayo anali atasiya kudya chifukwa cha ulendowo. Basi inanyamuka mipando ina ili yopanda anthu. Inadutsa pamsewu wathu. Ndinaimva ikubwera, ana akuimba nyimbo za kumpira, ndipo ndinakankha katani pang'ono, malo a diso limodzi. Ndinaona fumbi, ndi kadzanja kamodzi kakubayibitsa kukhomo lathu.

Zakumeneko ndinazimva kwa mdzukulu wanga, amene anayamba kufotokoza nsapato asanavule. Anati anthu a m'bokosi kumeneko alipo asanu, ataima pamzere pashelefu, wina wamkulu ngati munthu weniweni. Anati mayi wa khomo lachitatu atawaona anabwerera m'mbuyo n'kuponda ahedi phazi. Kenako mtsikana wina wogwira ntchito kumeneko, wovala zoyera, anakhuthula zam'kati za mmodzi patebulo n'kufunsa ngati alipo angayese kubwezera. Ana a pakhonde langa anayang'anana. Mmodzi anayamba nyimbo chapansipansi, enawo anailandira, ndipo nyimbo isanathe kawiri munthu anali atatsekedwa pachifuwa, chilichonse pamalo pake. Mtsikana uja anawomba m'manja, anawapempha kuti abwereze kuti alembe mawu ake, kenako anafunsa kuti wakuphunzitsani ndani.

Ana onse anangoyang'ana nsapato zawo. Anali atakwapulidwa mokwanira chifukwa cha funso limenelo. Mdzukulu wanga akuti amene anayankha ndi amake mapasa, ali kumbuyo, chikwama atachikumbatira. Anati ndi amama ena a pampanda pathu, ankagulitsa zam'kati.

Za nyenyezi ndinamuuza mwana kuti asandiuze. Anayesa kawiri, ndinamutseka pakamwa ndi dzanja.

Ndinaganiza kuti zatha. M'mawa mwake ndinatsegula katani, ndinatuluka ndi tsache, ndinayamba kusesa khonde ndikung'ung'udza kanyimbo. Ndikusesa choncho ndinamva mayi wa khomo lachitatu akufotokozera anzake pochapira, mokweza dala. Anati zidolezo zilipodi, waziona, ndi za sukulu, palibe choopsa. Anati koma chimodzi chikumusowetsa mtendere. Atsikana a kumeneko anakaphunzira zaka ndi zaka kuti adziwe za m'mimba mwa munthu. Nanga gogo wosapita kusukuluyu, wongotsegula n'kudziwa zonse, anazionera kuti? Wina anati pambuzi. Iye anati mbuzi ndi mbuzi.

Tsache ndinaliimika pakhoma. Ndinalowanso.

Amake mapasa anabwera kutatsala masiku awiri kuti mwezi uthe. Ulendo uno analowa, anakhala pabedi. Anati ayenda makomo onse anayi, alankhula mpaka mawu kusasa, awiri afewa, awiri akadali olimba, ndipo chimene agwirizana ndi ichi. Kumudzi ndisapite. Koma tisinthane ndi banja la khomo lomaliza, amene okha sanalowe m'nkhaniyi. Khomo lakumbuyo, loyandikana ndi bafa, lopanda khonde, losaona msewu. Ndipo mwana wa mwini asapezeke pakhomo panga, ngakhale wotumidwa mchere.

Aphunzitsi anaimirira. Anati kumeneko ndi kuvomera mlandu, bola tisamuke tonse, nyumba zilipo ku Biwi, ku Kawale, ku Area 25. Ndinamukoka chitenje kuti akhale pansi. Ndinati mwanawe, sukulu yako ili kuno, manda a bambo ako ali kuno, ndipo dzina limeneli lili ndi miyendo kuposa ife. Kuno ndikudziwa amene akundiopa ndi amene akungotsatira anzawo, kwinako ndikayambira pa a, e, i. Ndinauza amake mapasa kuti ndavomera. Ndinavomera msanga, mawu asanandithawe.

Tinasamuka Loweruka m'mawa. Mapazi makumi atatu okha, kudutsa makomo onse, aliyense ali pakhomo pake akuchita ngati akusankha nyemba. Palibe anatukula kanthu. Amake mapasa okha ndiwo anamanga chitenje m'chiuno n'kugwira mbali ina ya matiresi. Titafika kuseri, pamene sationa, anatsitsa matiresi, n'kugwira pansi pa nthiti zawo zakumanja.

"Amama, apa pali chiyani? Pakumandibaya ndikadya zamafuta."

Ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uko.

"Chiwindi," ndinanong'ona. "Mupite kuchipatala Lolemba. Ndipo musanene kuti mwamva kwa ine."

Bedi langa ndilo linavuta. Chitseko cha kumbuyoko n'chopapatiza, ndipo bedilo ndi lakale, lamlombwa, lokhoma ndi misomali, losamasula. Tinaliimika, tinaligoneka, tinalipendeketsa, linakana. Aphunzitsi anati tilisiye kwa amene akulowa kutsogoloko. Ndinati ayi, kabwerekeni sowo. Tinalidula miyendo inayi yonse, aphunzitsi akucheka, ine nditalikhalira kuti lisagwedere, ndipo linalowa. Ndimagona pafupi ndi simenti tsopano, podzuka ndimachita kugwira khoma. Pampope ndinayambanso kupita anthu akachepa. Ena amayankha moni, ena amayang'ana ndowa. Mwezi uja unatha, wina unathanso, mvula inagwa n'kuleka, ndipo ine ndikadali ku Chinsapo.